Probox ya 1NZ-FE ikuzima ikatentha, P0335 ikungobwerera

Galaja ya ku Kawale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Probox ya injini ya 1NZ-FE. Mmawa ikulira bwinobwino, koma ikayenda mphindi 20 kapena 30 imazima mwadzidzidzi ngati wina watembenuza kiyi. Sitata ikuzungulira koma siigwira mpaka izizire. Sikana, makina owerengera mavuto a galimoto, ikuonetsa code P0335, ya dera la sensa ya crank. Sensa ya crank tasintha kale, pampu ya petulo mwini wake anasinthitsa kwina. Vuto lili pompo.

Wamagetsi wa ku Limbe: Achimwene, P0335 sikunena kuti sensa yafa. Ikunena kuti kompyuta ya injini siikulandira chizindikiro cha NE, chochokera ku sensa ya crank chouza liwiro la injini, ndipo pakati pa mano a crank ndi kompyutayo pali zinthu zinayi: chimbale cha mano, sensa, soketi yake, ndi mawaya awiri aja a NE+ ndi NE-. Mwasintha chimodzi chokha. Musanamasule china, dikirani izime, kenako lowani mu live data muyang'ane RPM, liwiro la injini, wina akupukusa sitata. Iyenera kuwerenga cha m'ma 200 mpaka 300. Ikakhala pa 0 injini ikuzungulira, chizindikiro chatayika ndithu, ndipo mupeza kuti moto kumapulagi kulibe, ma injector nawonso sakugunda.

Makaniko wa ku Mzuzu: Pampuyo anaitaya chabe. Toyota zimenezi siziliza pampu ukangoyatsa kiyi ngati magalimoto ena. Kompyuta imayatsa relay ya pampu ikaona sitata, kenako imaisiya yoyaka malinga ngati NE ikubwera. NE ikaduka, pampu imatsekedwa. Munthu akamvetsera kuthanki osamva kanthu amagamula msanga kuti pampu yapsa, chonsecho yangolamulidwa kuima.

Galaja ya ku Kawale: Ndayesa. Itazima, RPM ili pa 0. Patatha mphindi 40 yabwerera pa 240 n'kulira.

Wamagetsi wa ku Limbe: Chabwino. Sensa ya crank pa injini imeneyi ndi ya mawaya awiri, mkati mwake muli maginito ndi koyilo ya waya woonda kwambiri. Siilandira magetsi kuchokera kulikonse, imapanga yokha AC mano akamadutsa kutsogolo kwake. Chimbalecho chili ndi malo a mano 36 koma awiri anachotsedwa, otsala ndi 34, dzino lililonse madigiri 10, ndipo mpata wa awiriwo ndiwo umauza kompyuta pomwe pisitoni yafika. Choncho musavutike kufunafuna 5V kapena 12V pasoketi, mulibemo.

Ikani mita pa ohms. Buku la Toyota limapereka 985 mpaka 1,600 ikazizira, 1,265 mpaka 1,890 ikatentha. Koma yezani kawiri: koyamba pamapini a sensa yeniyeniyo, kachiwiri pasoketi ya kompyuta pakati pa NE+ ndi NE-, batire mutachotsa mutu wa negative, soketi ya sensa ili m'malo mwake. Manambala awiriwa ayenera kufanana, kusiyana kwake kusapitirire ohm imodzi kapena ziwiri. Chofunika kwambiri n'chakuti muyeze nthawi yomwe yazimayo, injini ikadali yamoto. Kuyeza mmawa kukunamizani, chifukwa waya wothothoka amagundana bwino akazizira, n'kutalikirana chitsulo chikafutukuka.

Madala a ku Zomba: Ndiwonjezepo za sensa yatsopanoyo, ana inu. Mwaigula yotani? Zambiri zotchipa zimawerenga ohms zolondola koma maginito ake ndi ofooka, kapena mphuno yake ndi yaifupi pang'ono, ndiye mpata wa pakati pa sensa ndi mano umakula. Sensa yamtunduwu mphamvu yake imadalira liwiro ndi mpatawo. Tembenuzani mita ku AC, pukusani sitata soketi mutachotsa: yabwino imakupatsani kuyambira theka la volt kupita m'mwamba. Ikamazungulira pa 0.1 kapena 0.2, kompyuta siiona kanthu. Batire lofooka limachitanso zomwezo, likatsika kupyola 9.6V popukusa injini imazungulira mwaulesi ndipo chizindikiro chimachepa. Sensa yakale ija ya Denso musataye, mwina inalibe mlandu.

Galaja ya ku Kawale: Yakale ilipo madala. Zotsatira ndi izi, injini ili yamoto: pasensa 1,420 ohms, AC 0.9V. Pakompyuta mita ikuonetsa OL, kutanthauza kuti magetsi alibe podutsa. Nditagwedeza mtolo wa mawaya pafupi ndi pulley ikudumpha, pena 1,420, pena OL.

Makaniko wa ku Mzuzu: Ndiye mwaupeza. Sensa ili bwino, vuto lili pasoketi kapena masentimita ochepa kumbuyo kwake. Malo amenewo ndi oipa: pansi, pafupi ndi lamba, ndipo seal ya kutsogolo kwa crank ikayamba kudontha oyilo amathera pomwepo. Oyilo wotentha amaumitsa chikopa cha waya n'kufewetsa labala wa soketi. Kokani waya mmodzimmodzi pang'onopang'ono. Wothothokera mkati amatamuka ngati mphira pomwe mkuwa waduka. Yang'ananinso mapini achikazi a m'soketi: anthu akamabaya ndi nsonga ya mita amawakulitsa, ndiye sagwiranso pini ya sensa. Tengani sensa yakale ija, lowetsani n'kusolola, muzimva kukakamira.

Wamagetsi wa ku Limbe: Pokonza pake ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Dulani mpaka pomwe mkuwa uli wowala, osati wobiriwira kapena wakuda. Pezani soketi ya injini yomweyi yokhala ndi mchira wa masentimita 15 kapena 20. Lumikizani ndi solder, vekani heat shrink waya aliyense payekha, ndipo mfundo ziwirizo zisakhale pamalo amodzi. Kupota ndi manja n'kukulunga tepi kumagwira sabata ziwiri basi pamalo a oyilo ngati amenewo.

Zinthu ziwiri musaphonye. Mawaya musawasinthanitse: NE+ ikapita kwa NE- funde limatembenuka, kompyuta imawerenga mpata uja pamalo olakwika, galimoto imavuta kulira kapena siilira n'komwe. Lembani chizindikiro musanadule. Chachiwiri, mawayawa ali mkati mwa ukonde wachitsulo, shield, womwe umatchinga phokoso la ma coil ndi alternator. Ubwezereni mpaka kufupi ndi soketi, usakhudze waya aliyense mwa awiriwo, ndipo musauwonjezere earth yanu pabuloko, unalumikizidwa kale mbali imodzi. Mukamaliza yezani NE+ ndi NE- aliyense kupita kubodi, soketi zonse ziwiri zili zochotsa: pakhale OL.

Madala a ku Zomba: Kwa amene alibe sikana yowerenga magalimoto ochokera ku Japan, pa akale ambiri mutha kulumikiza pini 13 ndi pini 4 pasoketi ya sikana ya pansi pa chiwongolero, mapini otchedwa TC ndi CG, n'kuwerenga kuphethira kwa nyale ya check. Ma code 12 ndi 13 ndiwo a chizindikiro cha liwiro la injini. Werengani mapini mosamala, pini 16 ili ndi moto wa batire. Komanso galimoto ikakhala kuti yangochoka kumene kosintha timing chain, ganizirani dzino lopindika pachimbale, koma limenelo silidikira kutentha, limavutitsa kuyambira tsiku loyamba.

Galaja ya ku Kawale: Ndasenda chikopa. Waya mmodzi anali atatsala ndi ulusi umodzi wa mkuwa, masentimita atatu kuchokera pasoketi, ndipo kachingwe komangira mtolowo kanathyoka kalekale, ndiye ankangogwedezeka. Ndaika soketi ina monga mwanenera, ndabwezera Denso yakale, ndafufuta code. Yakhala ikulira ola lathunthu, fani yayaka kanayi, ndagwedeza mawaya osazima. Pakompyuta tsopano 1,450 ohms yokhazikika.

Makaniko wa ku Mzuzu: Mangani mtolowo kutali ndi lamba, ndipo muuzeni mwini wake za seal ikudonthayo. Akaisiya, soketi yatsopanoyo imiranso mu oyilo. Musanamupatse kiyi, yendani nayo pamsewu wa mabampu sikana ili yolumikiza, muone ngati P0339, code ya chizindikiro cha crank chodukaduka, siituluka m'ma pending, ma code omwe kompyuta sinatsimikize, chifukwa kuduka kwa kanthawi kochepa kumayamba kuonekera pamenepo.