Ndilowe mu saluni ya munthu kapena ndizingolukira pakhonde?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. Admin chonde dzina langa lisaoneke, pagulu pano pali azilamu anga. Ine ndimaluka tsitsi komanso kupanga zikhadabo, ndimakhala ku Area 25. Mpaka pano ndimagwirira pakhonde pa nyumba ya lendi, koma alandilodi ayamba kuyankhula zambiri. Akuti makasitomala anga akutha madzi, akutinso tizidutswa ta mesh tikumaulukira pa mfutso wawo. Bilu ya madzi timagawana pakati, iwo ali ndi ana asanu ndi agalu awiri, koma wotha madzi ndine. Bambo a kunyumba nawo sakuthandiza, akungoti bola uli pakhomo ukuonera mwana. Dryer yanga anabwereka mchemwali wawo, mpaka lero sinabwere, ndikafunsa akuti ndayamba matama.
Ndiye pali mayi wina ali ndi saluni chakufupi ndi msika wa Nsungwi, akuti andipatsa mpando ndi galasi pakona ndizigwira zanga pandekha. Saluniyo ndi ya matailosi, ili m'mbali mwa msewu. Akuti ndiyambe Lolemba chifukwa pali wina akufunanso malowo. Tulo sindikuona. Ndilowe? Onyoza dutsani.

Nachisale wa ku Chilinde:
Asisi, za agalu a alandilodi tamva, koma mpandowo muzilipira bwanji? Pamwezi, patsiku, kapena mayiwo azidula pa mutu uliwonse womwe mwaluka?

Madam wa Saluni:
Ndiyankhe ine amene ndili ndi saluni, osati anthu ongoionera pa windo la minibasi. Atsikana inu mumayesa mpando ndi siponji ndi chitsulo basi. Mumpandomo muli lendi ya shopu, ma unit a magetsi, madzi, mlonda wausiku, ndi chiphaso cha ku khonsolo chomwe timalipira chaka ndi chaka. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 palibe chomwe chinatsala pa mtengo wake, relaxer, shampoo, mesh ya Darling, ngakhale mataulo. Koma mtsikana akabwera akufuna mpando pa mtengo wa makedzana, blower akuyatsa tsiku lonse, foni ya chibwenzi akutchajanso pomwepo. LOWANI, koma mukalemekeze mwini malo.

Ankolo a Kabaza:
Ine chandikhudza ndi dryer. Tiuzeni komwe amakhala mlamuyo tikaitenge panjinga, za saluni tikambirana mawa.

Make Tadala:
Mchemwali wanga, ine ndinalira ndi zomwezi ku Ndirande. Ndinkalipira mpando wanga mwezi ndi mwezi osaphonya. Osadziwa kuti madam aja nawonso shopuyo ndi ya lendi, ndipo ndalama zathu sankapereka kwa eni nyumba. Tsiku lina m'mawa tinangopeza loko watsopano pachitseko. M'katimo munali makina anga a gel, mawigi awiri a makasitomala oti akavale ku ukwati Loweruka lomwelo, ndi ketulo yomwe ndinkaviikira ma braids. Eni nyumba anati ine sakundidziwa, amadziwa madam. Madam foni yozima. Wigi imodzi ndinabweza ndi ndalama ya katapila, musandifunse kuti ndinamaliza liti. Kafunseni kaye kuti nyumbayo ndi ya ndani.

Madam wa Saluni:
Make Tadala, madam mmodzi akakulakwirani si kuti tonse ndife akuba. Nanga za atsikana amene amathawa ndi makasitomala athu bwanji simukunena? Ine wina ndinamuphunzitsa ndekha knotless, kugawa mizere sankatha, lero watsegula kakontena moyang'anana nane, akuimitsa makasitomala anga pamsewu. Zimenezo pagulu pano sizilembedwa.

Make Tadala:
Kasitomala si mbuzi yoti mwaimangirira pachikhomo mayi. Amatsata dzanja.

Madam wa Saluni:
Amatsata dzanja atakhala pa mpando wa ndani? Pansi pa malata a ndani?

Mayi a Mvano:
Mwana wanga, amuna ako anena kale kuti ukhale pakhomo. Ukufunsanso chiyani kwa anthu a pa Facebook? M'masaluni muli miseche yambiri, mabanja ambiri athera mmenemo. Gwada upemphere, ukambirane ndi bambo mwaulemu.

Namaseko:
Amayi, ndi ulemu wonse, bambo amene akulephera kuitanitsa dryer kwa mchemwali wawo ndi amene aziuza munthu kogwirira ntchito? Sukulu fizi ikafika amati "iwe sunaluke sabata ino?"

Mayi a Mvano:
Ndi chifukwa chake ana a masiku ano simukhalitsa pabanja.

Wa ku Joni:
Kuno ku Johannesburg ambiri timachita zimenezi. Kumene ndili ine mpando timalipira pa sabata, mankhwala aliyense amagula ake ndi kutsekera mu loka yake. Kasitomala wako wa pafoni ndi wako, wongolowa yekha pakhomo timalandirana mwa mzere. Nkhondo yonse ya mu saluni imayambira pa wongolowa yekhayo, ndiye mugwirizane musanaike chipeso chanu pa tebulo.

Madam wa Saluni:
Kuno si ku Joni. Wolowa yekha wakopeka ndi chikwangwani changa, ndi wanga, nkhani yatha.

Wa ku Joni:
Mwamva asisi? Mayi anuwo akhoza kukhala ndi maganizo ngati amenewa. Mukhala pakona kuonerera anzanu akuluka.

Nangozo Mobile:
Ine ndimanena tsiku ndi tsiku pagulu pano koma simumva. Lendi ya chiyani? Chikwama kumsana, zithunzi pa status ya WhatsApp, kasitomala atumize theka pa Airtel Money kapena Mpamba, inu mukwere kabaza mukamulukire kwawo. Amabwana a ku Area 47 ndi 43 safuna kukhala pa benchi ku Nsungwi maola asanu. Thiransipoti amalipira okha, nthawi zina ndi nsima umadya konko.

Ankolo a Kabaza:
Mfundo imeneyi ndaivomereza ndi manja awiri, nambala yanga ili ku inbox.

Gogo Nabanda:
Chinthu chimodzi chokha mdzukulu wanga. Chipeso chako ndi lumo usamasiye mu saluni ya munthu usiku. Anthu amakhwimira bizinesi, udzangoona makasitomala ako onse akudutsa mpando wako ngati sakukuona. Ndanena.

Namaseko:
Agogo, chipeso achotse inde, koma chifukwa cha akuba ndi zipere.

Mphunzitsi wa za tsitsi:
Ine ndimaphunzitsa atsikana a maphunziro a TEVETA, ndiye ndingoti izi. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe, ngakhale mu kope la sukulu, musayine nonse pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Mulembemo ndalama ndi tsiku lolipira, amene azigula ma unit, chochitika magetsi akazima tsiku lonse, ngati mupatsidwa kiyi wanu, ndi kuti wofuna kusiyana ndi mnzake anene kutatsala mwezi umodzi. Ndalama ya kasitomala wanu izifikira m'manja mwanu, isadutse kaye mu kabati ya madam. Polipira tumizani pafoni kuti uthenga ukhale umboni. Komanso zikhadabo zimanunkha mankhwala, funsani ngati pakonapo pali windo, ena adzakuthamangitsani chifukwa cha fungo lokhalo.

Madam wa Saluni:
Kope la sukulu! Ine zaka zonsezi sindinasayinitsepo munthu ndipo palibe anadandaula. Mukabwera ndi mapepala kwa ine ndikuuzani kuti mukalukire ku khoti. Bizinesi ndi kukhulupirirana. Ndipo izi zoti ayambe Lolemba pali wina akufuna, si bodza, malo a m'mbali mwa msewu sachedwa.

Make Tadala:
Madam anga a ku Ndirande aja anandiuzanso chimodzimodzi, kuti pali wina akubwera mawa ndi ndalama m'manja.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga. Amayi a Mvano bambo sanakane kwenikweni, amangoyankhula. Ankolo dryer ija ndamva kuti inapsa, ndiye chifukwa chake sakubweretsa, mtima ukundiwawa kwambiri. Lero alandilodi amangirira chingwe choyanikira zovala pakhonde penipeni pomwe ndimakhazika makasitomala. Mayi a saluni aja ndi abwino, timapemphera limodzi, sangandipange chipongwe. Ndiye mukuti ndilowe eti?

Nachisale wa ku Chilinde:
Asisi. MUZILIPIRA ZINGATI? Ndafunsa m'mawa.

Namaseko:
Mwina nawonso sanafunse.

Madam wa Saluni:
Ngati kumeneko kukuvuta bwerani ku inbox, kwanga kuli mpando wopanda munthu, jenereta ilipo. Koma wa mapepala asabwere.