Matikiti a £1 ku London: nanga ife a visa ya ntchito?

Abale ndi alongo muli kuno ku Britain, ndithandizeni maganizo. Ku malo okopa alendo a Kew Gardens ndi Tower of London, olandira Universal Credit (thandizo la ndalama la boma kwa opeza zochepa) amalowa pa £1 yokha. Zabwino ndithu, mwana wa mmphawi nayenso aziona zinthu. Koma ife tinabwera pa visa yosamalira okalamba sitiloledwa kulandira thandizo la boma limeneli, chonsecho msonkho amatidula mwezi ndi mwezi. Tikalipira lendi, zotsala n'zochepa, koma pageti timalipira mtengo wonse. Kodi pamenepa chilungamo chilipo? Si nsanje ayi, ndikungofunsa.

Tchuthi cha ana chayandikira. Alipo akudziwa malo amene amatsitsa mtengo poona malipiro a munthu, osati Universal Credit? Ku British Museum n'kwaulere, inde, koma anawa atopako.