Mng'ono wanga wasiya mankhwala chifukwa cha AI ya pa foni, nditani?

Abale ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga kuno ku Ndirande ali ndi matenda a maganizo, amakatenga mankhwala ku Queens ndipo anali bwinobwino ndithu. Pano wayamba kumacheza ndi ka AI kaja ka pa foni, usiku onse kukauza mavuto ake mpaka bandulo kutha, ndiye akuti kanavomereza kuti wachira, basi wasiya kumwa mankhwala, pano masabata awiri sakugona, akungolankhula yekha.

Chikundiopsa nchakuti zinthu zimenezi zimakonda kungovomera zomwe walemba, sizimuona munthu pamaso, fayilo yake yakuchipatala siziidziwa, nanga tsiku lina akadzalemba zodzipha adzathamange ndani? Ndimulande foni kapena ndiyambe ndapita naye kwa adokotala, poti iyeyo akukana? Amene munakumanapo nazo munatani chonde?