Atelala tikufuna kugwirizana pa maoda a yunifolomu, koma tiyambire pati?

Telala wa ku Ndirande

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga a mabizinesi. Ndife atelala 7 amene timasokera m'makhonde a masitolo kuno ku Ndirande, ndipo aliyense ali ndi makina ake komanso makasitomala ake. Chaka chilichonse, sukulu zikamayandikira kutsegulira mu September, sukulu zomwe si za boma zimafuna yunifolomu zambiri nthawi imodzi, koma maoda oterowo amatidutsa chifukwa palibe mmodzi wa ife amene angathe kusoka yekha madiresi, malaya ndi makabudula ochuluka chotero m'masabata ochepa. Vuto lina ndi la nsalu, pakuti timakagula ku Limbe mamita ochepaochepa pamtengo wokwera, pamene wopikula mpukutu wathunthu amatsitsiridwa mtengo. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, nsalu, ulusi ndi mazipi zakwera kwambiri moti mpamba wa munthu mmodzi sukupikulanso kanthu kooneka.

Pakali pano tili ndi chipereganyu chimene chikuyenda bwino ndithu. Funso langa ndi lakuti, kodi tilembetse kopaletivi, kapena tingopitiriza mwa ubale monga tikuchitiramu? Nanga ndalama za oda tizigawana motani popanda kudana?

Kalipentala wa ku Mchesi

Achimwene, maganizo anuwo ndi abwino, koma ndikupempheni kuti musayese chipereganyu ndi oda ngati chinthu chimodzi. Pachipereganyu aliyense amapereka ndalama yofanana ndipo amalandira yofanana, kotero chokanganirana n'chochepa kupatula kuchedwa kupereka. Pa oda munthu amapereka luso lake, ndipo luso silifanana ngakhale pakati pa anthu amene anaphunzira kwa mmisiri mmodzi.

Ife kuno ku Mchesi tinagwirizanapo akalipentala angapo pa ntchito ya madesiki a sukulu ina. Aliyense anakhoma monga anazolowera, ndipo madesiki ena anatuluka aatali, ena opala bwino, ena a matabwa osauma amene anayamba kupindika asanafike n'komwe kwa mwini ntchito. Anatibwezera gawo lina la katunduyo, ndipo mkangano umene unabuka unali wakuti, kodi chitayiko chigwere gulu lonse kapena iwo okha amene anaononga? Popeza nkhaniyi sitinaikambirane poyamba, aliyense anali ndi mfundo zake zomveka, ndipo ena a ife sitinagwirenso ntchito limodzi.

N'chifukwa chake ndikunena kuti musanapite kukapempha oda, sokani chitsanzo chimodzi cha diresi, malaya ndi kabudula chimene nonse mwachivomereza, ndipo chikhale muyezo wa aliyense. Ndi bwinonso kuti odula nsalu akhale mmodzi kapena awiri okha, amene dzanja lawo mumalikhulupirira, ena onse azilandira zodulidwa kale. Sankhani munthu woyendera chovala chilichonse chisanapakidwe, ndipo mulembe kuti amene chovala chake chabwezedwa achikonze ndi nthawi yake komanso ulusi wake. Pa kagawidwe, ine ndimaona kuti chilungamo n'chakuti muyambe mwabweza ndalama ya nsalu kwa amene anasonkha, kenako mulipire aliyense malinga ndi zovala zimene wasoka, osaiwala wodula ndi woyendera, ndipo chotsala chilowe m'thumba la gulu. Kugawana mofanana kumaoneka ngati chikondi, koma kumafooketsa wakhama ndipo kumabisa waulesi.

Mlangizi wa za mabizinesi, Zomba

Bambo a ku Ndirande, ndiyankhe mbali ya malamulo. Makopaletivi m'Malawi muno amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, kudzera ku unduna woona za malonda ndi mafakitale, ndipo pamafunika anthu osachepera 10. Izi zikutanthauza kuti inu 7 simunakwane, ndipo sindingakulimbikitseni kutola anthu atatu mothamanga kuti mungokwanitsa chiwerengero, chifukwa m'kopaletivi membala aliyense ali ndi voti imodzi posatengera kuchuluka kwa masheya ake. Munthu amene simukumudziwa bwino adzakhala ndi mawu ofanana ndi anu pa chuma chimene inu munachivutikira.

Ubwino wa kulembetsa ulipo ndithu. Gulu lolembetsedwa limatsegula akaunti ya ku banki m'dzina lake, limatenga nambala ya msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo likalembetsanso ku bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, limatha kupikisana nawo pa maoda a boma, monga a zovala za ogwira ntchito. Komabe kulembetsa kumadza ndi udindo wosunga mabuku, kuchititsa msonkhano waukulu wa pachaka ndi kuwerengetsa chuma. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwagwira oda imodzi kapena ziwiri motsatira pangano lolemba limene nonse mwasayinira pamaso pa mboni, kuti pamene mukukalembetsa, malamulo anu akhale ochokera pa zimene mwakumana nazo, osati okopera kwa gulu lina.

Musasokonezenso kopaletivi yosoka ndi SACCO. SACCO ndi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo zambiri zili pansi pa mgwirizano wa ma SACCO wotchedwa MUSCCO, umene unakhazikitsidwa mu 1980. Mukhoza kulowa SACCO imene ilipo kale kuti muzisungako ndalama, popanda kuyambitsa yanu.

Mayi wogulitsa zitenje, Mzuzu

Ine ndikugwirizana ndi abambo awiriwa, koma pali chimodzi chimene sanachikhudze ndipo chimandiwawa mtima ndikachiona chikupasula magulu a amayi anzanga. Ndalama za chipereganyu chanu zisasakanikirane ndi za oda ngakhale tsiku limodzi. Sukulu zambiri zimalipira makolo akapereka fizi, kutanthauza kuti mukhoza kupereka yunifolomu lero n'kudikira nthawi yaitali musanalandire, pamene amene ndi nthawi yake yolandira chipereganyu ali ndi lendi ndi ana omudikira. Pemphani sukuluyo ipereke ndalama yoyambira yokwana kugula nsalu, ndipo tsiku lomalizira kulipira lilembedwe. Ndalamazo zisalowe pa foni ya munthu mmodzi, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo, chifukwa matenda kapena maliro zikagwa pakhomo pake, adzazigwiritsa ntchito ndi mtima wofuna kubweza, ndipo inu mudzasowa pomuyambira.

Telala wa ku Ndirande

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha malangizowa. Tikumana Loweruka likubwerali, ndipo ndikapempha anzanga kuti za kopaletivi tiyambe taziimika, tisoke kaye zitsanzo ndi kulemba pangano. Amayi a ku Mzuzu, ndikupempheni mutiunikirenso pa chinthu chimodzi: popeza sitinalembetse, kodi inu ndi anzanu mumasunga kuti ndalama za gulu, ndipo amene amavomereza kuti zituluke ndi anthu angati?