Galasi lakutsogolo likuchita nthunzi, ndipo kamuvi ka kutentha kwa injini kakukwera ndikayatsa A/C

Mayi_Wophunzira

Moni nonse. Papita miyezi inayi chiyambire kuyendetsa galimoto ndekha, ndipo pali zinthu ziwiri zimene zikundisowetsa mtendere. Choyamba n'chakuti mvula ikangoyamba, makamaka ndikanyamula anthu atatu kapena anayi, galasi lakutsogolo limachita nthunzi mkati moti msewu suoneka bwino. Ndimapukuta ndi kansalu, dzanja lina lili pa chiwongolero, koma sipapita mphindi ziwiri nthunzi ija isanabwerere, ndipo usiku pamene ndapukutapo pamathobwa m'maso ndi magetsi a magalimoto amene ndikukumana nawo. Pofuna kuti chinyezi cha panja chisalowe, ndimadina batani lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wokhota mkati mwake, koma ndikuona kuti zinthu zikungoipiraipira.

Chachiwiri, dzulo ndinaima nthawi yaitali pa mdipiti wa magalimoto A/C ili yoyatsa, ndipo kamuvi ka pa geji yolembedwa C ndi H, kamene masiku onse kamakhala pakati, kanayamba kukwera pang'onopang'ono kulowera ku H. Msewu utatseguka n'kuyamba kuthamanga, kanabwerera pamalo pake. Ndikafika kunyumba ndimapezanso madzi akudontha pansi pa galimoto cha kutsogolo. Kodi madziwa ndi a injini? Kodi ndisiye kugwiritsa ntchito A/C mpaka makaniko aione galimotoyi?

Dalaivala_Wakale

Mayi, pa nkhani ya galasi, batani limene mukudinalo ndi limene likukulitsa vuto. Ntchito yake ndi kutseka njira ya mpweya wochokera panja, kuti fani izingozunguliza mpweya womwewo umene uli mkati mwa galimoto. Tsono munthu aliyense akamapuma amatulutsa chinyezi, ndipo zovala zonyowa, maambulera ndi nsapato zimawonjezera china. Mpweya wofunda ndi wachinyezi umenewu ukakhudza galasi limene mvula yaliziziritsa kunja, chinyezi chija chimasanduka timadontho ting'onoting'ono, ndipo imeneyo ndiyo nthunzi imene mukuiona. Mukatseka njira ya panja, chinyezi cha anthu anayi chimasowa kotulukira.

Mvula ikayamba, zimitsani batani limenelo. Kenako tembenuzani mpweya kuti uziwomba pa galasi. Chizindikiro chake ndi chithunzi cha galasi lopindika chokhala ndi mivi itatu yokhotakhota yoloza m'mwamba. Kwezani fani, ndipo yatsani A/C ngakhale kunja kukuzizira. Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa, chifukwa amaganiza kuti A/C ndi yoziziritsa basi. Zoona zake n'zakuti mpweya ukamadutsa pa kachipangizo kozizira kwambiri kamene kali kuseri kwa dashibodi, chinyezi chake chimatsalira pamenepo ngati madzi, ndipo mpweya umene umafika pa galasi umakhala wouma. Ngati inu ndi anthu amene mwawanyamula mukumva kuzizira, musazimitse A/C, koma tembenuzani kosinthira kutentha kulowera kofiira. Mpweyawo umayamba waumitsidwa, kenako hita imaufunditsa, ndipo mpweya wofunda wouma ndi umene umayeretsa galasi mofulumira kuposa wina uliwonse. M'magalimoto ambiri, mukangosankha chizindikiro cha galasi chija, A/C imadziyatsa yokha, choncho musadabwe mukaona kanyali kake kayaka musanakadine.

Galasi lakumbuyo lili ndi batani lakelake, la chithunzi cha ngodya zinayi chokhala ndi mivi yomweyo. Ilo siligwiritsa ntchito mpweya, koma timizere ta magetsi timene timaoneka pa galasilo, ndipo m'magalimoto ambiri limazima lokha pakapita mphindi zingapo.

Kansaluko kasiyeni pamene mukuyendetsa. Galasi lalitsiro limagwira nthunzi msanga kuposa loyera, choncho litsukeni bwino mkati mwake galimoto itaima. Dziwaninso kuti nthawi zina, kunja kukakhala kotentha ndi kwachinyezi ndipo mukuwombetsa mpweya wozizira kwambiri pa galasi, nthunzi imachitika kunja osati mkati. Mukayatsa mawaipa n'kuona kuti yachoka, ndiye kuti inali yakunja, ndipo mankhwala ake ndi kungofunditsa mpweyawo pang'ono.

Batani lozunguliza mpweya lija si loipa ayi. Limathandiza mukamatsatira galimoto yofuka utsi, mukamadutsa pa fumbi, kapena mukafuna kuti mkati muzizire msanga tsiku lotentha. Koma musalisiye loyatsa pa ulendo wautali mutanyamula anthu, chifukwa mpweya umene wapumidwa kale umachuluka ndipo umabweretsa tulo.

Wosunga_Mafuta

Zimene akulu anenazi n'zoona, koma ine ndimaona kuti kutsitsa pang'ono magalasi awiri a m'mbali kumathandizanso, ndipo sikudya mafuta. A/C imayendetsedwa ndi injini kudzera pa lamba, choncho ikayaka injini imalemedwa ndipo mafuta amapita ambiri, makamaka pa galimoto ya injini yaing'ono imene imangoyenda maulendo afupiafupi m'tauni. Mukaima n'kuyatsa A/C, mvetserani: mumva kaphokoso kakuti "tyi", ndipo kamuvi koonetsa mmene injini ikuzungulirira kamagwedezeka pang'ono. Pamenepo ndiye kuti kompuresa, pampu imene imazunguliza gasi woziziritsa wa A/C, yagwira. Ine ndimaiyatsa pokhapokha mvula ikakula moti magalasi sangatsegulidwe.

Makaniko_Wopuma

Achimwene a Wosunga_Mafuta, sindikukutsutsani kuti A/C imadya mafuta, koma mafuta a mphindi zisanu zoyeretsera galasi sangafanane ndi kuyendetsa galimoto osaona kutsogolo. Komanso A/C imene imakhala miyezi yambiri osayatsidwa imawonongeka msanga, chifukwa oyilo amene amafewetsa kompuresa ndi timalabala tomata m'mapaipi amayenda limodzi ndi gasi. Ikangokhala, timalabalato timauma ndipo gasi amayamba kutuluka. Ndi bwino kuiyatsa kwa mphindi khumi mlungu uliwonse, ngakhale nyengo yozizira.

Tsopano Mayi, ndibwere ku funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa la galasi. Madzi amene akudontha mwina ndi chinyezi chija chimene A/C yachotsa mu mpweya, chomwe chimatuluka kudzera pa kapaipi kakang'ono pansi pa galimoto. Ikani pepala loyera pamene akudonthapo. Ngati ndi madzi oyera, opanda fungo, osaterera m'zala, palibe vuto. Ngati ndi obiriwira, apinki kapena ofiirira, ndipo akumveka kafungo kotsekemera, amenewo ndi madzi oziziritsa injini, ndipo penapake pakudontha.

Kamuvi kaja sikayenera kusuntha chifukwa cha A/C. Injini zambiri zimagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 90, ndipo ikangofika pamenepo kamuvi kamakhazikika, kaya mukuthamanga kaya mwaima. Mfundo yakuti kakukwera mukaima n'kutsika mukayamba kuthamanga ikundiuza kuti radiyeta, chipangizo chimene chimaziziritsa madzi a injini, ikuzizira ndi mphepo ya mumsewu yokha, ndipo mphepoyo ikasowa palibe chimene chikuithandiza. Woyamba kumukayikira ndi fani ya radiyeta. Imitsani galimoto pamalo abwino, injini ikulira, yatsani A/C, tsegulani boneti ndipo yang'anani chapatali osalowetsa dzanja: pa magalimoto ambiri a fani ya magetsi, faniyo imayamba kuzungulira A/C ikangogwira. Ngati ili zii, vuto likhoza kukhala fyuzi, relay (kaswichi ka magetsi kamene kamayatsa faniyo) kapena mota ya faniyo. Kutsogolo kwa radiyeta kulinso chinthu chofanana nayo chimene chimatulutsa kutentha kwa A/C, ndiye A/C ikayaka radiyeta imalandira mpweya umene wafunda kale. N'chifukwa chake vuto lobisika limaonekera poyamba A/C ili yoyatsa. Onaninso mlingo wa madzi m'kabotolo ka pulasitiki ka pambali pa radiyeta m'mawa injini isanalire. Ayenera kukhala pakati pa MIN ndi MAX.

Zikakuchitikiraninso musanafike kwa makaniko, zimitsani A/C, ikani hita pa kutentha kwake konse ndipo kwezani fani ya mkati mwa galimoto mpaka pamapeto. Mudzatuluka thukuta, koma hita imagwiritsa ntchito madzi omwewo a injini, motero imakhala ngati radiyeta yachiwiri yaing'ono. Kamuvi kakapitiriza kukwera n'kuyandikira pofiira, patukani ndi kuzimitsa injini. Musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi amakhala opanikizika ndipo amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Ndinaonapo injini zambiri zimene zinafa chifukwa mwini wake anaganiza kuti kwatsala makilomita awiri okha kuti afike.

Mayi_Wophunzira

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa zimene mwanena, Bambo a Makaniko_Wopuma. Madzi odontha aja ndi oyera, koma fani ya radiyeta siikuzungulira ngakhale pang'ono A/C ikayaka, choncho mawa ndipita nayo kukaonetsa. Ndili ndi funso lina laling'ono. Ndikangotembenuza kiyi, tinyali tambirimbiri timayaka pa dashibodi, tofiira ndi tachikasu, kenako timazima injini ikalira. Poyamba ndinkachita mantha. Kodi ndi titi timene ndiyenera kuimira pomwepo ngati titayaka ndili pa ulendo?

Makaniko_Wopuma

Kuyaka kwa tonse pamodzi poyamba ndi galimoto ikudziyesa yokha, ndipo ndi mwayi wanu woona ngati pali kanyali kamene kanapsa. Kamene kayenera kukudetsani nkhawa ndi kamene katsala koyaka injini italira, kapena kamene kayaka muli pa ulendo. Mtundu ndiwo umakutsogolerani: tobiriwira ndi tabuluu timangokudziwitsani chimene chikugwira ntchito, monga magetsi aatali; tachikasu timatanthauza kuti mukaonetse posachedwa; tofiira timafuna kuti muchitepo kanthu nthawi yomweyo.

Pa tofiira, koopsa kwambiri ndi ka chithunzi cha kachitini ka oyilo kodontha. Ambiri amaganiza kuti kamangokumbutsa zowonjezera oyilo, koma iko kamanena kuti oyilo sakufika ndi mphamvu yokwanira m'zitsulo zimene zikuzungulira, ndipo injini ikhoza kuwonongeka m'mphindi zochepa. Patukani, zimitsani, ndipo musailizenso mpaka chifukwa chake chidziwike. Ka chithunzi cha batire kawirikawiri sikanena za batire lenilenilo, koma kuti alternator, chipangizo chimene chimapanga magetsi injini ikamalira, yasiya kulitchaja. Mukhoza kuyenda pang'ono mutazimitsa A/C, wailesi ndi galasi lakumbuyo lija, koma maso anu akhale pa kamuvi ka kutentha, chifukwa pa injini zina lamba amene amazunguza alternator ndi yemweyo amene amazunguza pampu ya madzi, ndipo akaduka zonse ziwiri zimaima. Ka chizindikiro cha mfuwu (!) chili mkati mwa kamzere kozungulira ndi ka mabuleki: onani kaye ngati handibuleki yatsitsidwa yonse, ndipo ngati yatsitsidwa koma kakuyakabe, mwina oyilo wa mabuleki watsika, ndipo si galimoto yoti mupitirize nayo ulendo.

Ka chikasu kooneka ngati injini kakayaka osaphethira, mukhoza kufika kumene mukupita n'kukalumikizitsa makina owerengera vuto pa soketi imene imakhala pansi pa dashibodi cha ku chiwongolero. Kakamaphethiraphethira, ndiye kuti injini ikuphonya, ndipo mafuta osapsa akupita ku ekizozi kumene angawononge catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, choncho chepetsani liwiro ndipo musapite nayo kutali.

Mawa popita kwa makaniko, nyamukani m'mawa kusanatenthe, A/C ikhale yozimitsa, ndipo sankhani njira imene simukaima nthawi yaitali pa mdipiti. Mukafika muwauze ayambe ndi fyuzi ndi relay asanakuuzeni zogula fani yatsopano.