Zikomo nonse, nazi za mwana wanga wa autism uja

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa za mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amalankhulira, kuchezera ndi anthu komanso kumvera zinthu monga phokoso. Ikakwana nthawi yosamba kapena yovala ankakuwa n'kudzigwetsa pansi, ine n'kupsa mtima, usiku n'kumalira ndekha podziona ngati mayi woipa. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka mayi aja amene analemba kuti nawonso anatopapo chonchi. Mawu awo anandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse.

Ndinatsata malangizo a zithunzi aja. Ndinajambula zochita za m'mawa, kudzuka, kusamba, kuvala, kudya, n'kuzimata pakhoma motsatana. Masabata awiri oyamba sankaziyang'ana n'komwe, moti ndinatsala pang'ono kuzichotsa. Pano amapita yekha kukaloza chithunzi chotsatira. Ndimamuuziratunso kukatsala mphindi 5 kuti asiye zomwe akuchita.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kukuwa kuja si mwano. Katswiri wothandiza ana ngati iyeyu anandifotokozera kuti phokoso la madzi komanso tinsalu tolembedwa ta pakhosi pa malaya zimamuvutitsa kwambiri kuposa mmene zimativutitsira ife. Tinsaluto ndinatidula, madzi ndimathiriratu iye asanalowe m'bafa. Akayamba kukuwa sindichulutsanso zolankhula, ndimangokhala pambali pake mpaka zitamusiya.

Zimene ena munandilangiza zoti ndizimukwapula zija, pepani, sindinazitsate.

Masiku ovuta akadalipo, dzana lomweli tinalimbana m'mawa wonse. Koma Loweruka lililonse mchemwali wanga amakhala naye maola awiri kuti ndipumuleko, ndipo ndinasiya kuchita nazo manyazi.