Tabwerako ku York ndi ana

Mwezi watha ndinafunsa ngati masiku awiri angakwane kuona mzinda wa York ku England tili ndi ana awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 9. Tabwerako dzulo, ndipo anakwanadi. Zikomo nonse amene munatilangiza.

Munanena zoona za National Railway Museum, malo osungirako ndi kuonetsera sitima zapamtunda zakale. Kulowa n'kwaulere, ndipo anawo anachita kukakamira pa Mallard, sitima yoyendera nthunzi imene inathamanga mamailosi 126 pa ola mu 1938. Loweruka lonse linathera momwemo.

Ku York Minster, tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, ndiye kunali misozi. Nsanja yake ili ndi masitepe 275, ndipo ana osakwana zaka 8 saloledwa kukwera. Wamng'onoyo anatsala pansi ndi amayi ake, akulira mpaka ine kumva chisoni. Mukamapita muwauziretu ana zimenezi. Poyenda pa khoma la mzindawo muziwagwira dzanja, chifukwa malo ena alibe chotchinga.